Matepi a Hannah Baker: sewero likaonetsa munthu akudzipha, woonera amatolapo chiyani?

Mnyamata wa kusekondale akuweruka, ndipo pakhomo akupeza kabokosi kolembedwa dzina lake. M'katimo muli matepi 7 a kaseti, ngati aja tinkagula pamsika ma CD asanabwere. Akuika yoyamba m'wailesi yakale ya bambo ake. Mawu amene akutulukamo ndi a Hannah Baker, mtsikana wa m'kalasi mwake amene anadzipha milungu iwiri yapitayo. Hannah akulankhula modekha, mwina kuseka pang'ono, ndipo akuti ali ndi zifukwa 13 zimene wachokera m'dziko. Mbali iliyonse ya tepi ikuloza chala munthu amene anamulakwira. Aliyense wotchulidwa ayenera kumvetsera matepi onse mpaka kumapeto, kenako apatsire wotsatira.

Umu ndi mmene sewero la ku America la 13 Reasons Why limayambira. Kampani ya Netflix inalitulutsa pa 31 March 2017, zigawo zonse 13 za sizoni yoyamba tsiku limodzi, moti mwana wokhala ndi foni akanatha kulimaliza usiku umodzi ali m'bulangete, makolo ake ali mtulo. Nkhaniyo inachokera m'buku la Jay Asher la mu 2007. Amene anaikonza kukhala sewero ndi Brian Yorkey, ndipo woimba Selena Gomez anali mmodzi wa akuluakulu oyang'anira ntchitoyo. Mtsikana wa ku Australia, Katherine Langford, ndiye anasewera ngati Hannah, ndipo anasewera bwino zedi. Mfundo imeneyi tisaiphonye. Likanakhala sewero lozizira, bwenzi palibe amene akulikamba lero.

Zimene Hannah akudandaula si zopeka kwa wachinyamata aliyense, kaya wa ku California kaya wa ku Area 25. Chithunzi chake chinafalitsidwa pamafoni a anzake. Anamutcha mayina. Mnzake wa ponda apa m'pondepo anamutaya. Anagwiriridwa ndi mnyamata wotchuka pasukulupo, mwana wa anthu olemera. Tsiku lomaliza anapita kwa mlangizi wa ophunzira, koma bamboyo sanamve chimene mwanayo amalephera kutchula. Ndiye m'chigawo chomaliza, kwa mphindi pafupifupi zitatu, kamera inaonetsa zonse zimene Hannah anachita podzipha, popanda kutembenukira kumbali. M'buku muja njirayo inali ina, ndipo inangotchulidwa modutsa. Okonza sewero anaisintha, n'kuiika pamaso pa woonera. Iwo anati anachita dala kuti zikhale zowawa kuonera, kuti pasakhale wina wozisirira.

M'nkhani ino sinditchula njirayo, ngakhale njira ina iliyonse. Mukamawerenga muona chifukwa chake.

Madandaulo sanachedwe. Bungwe la akatswiri a zamaganizo a m'sukulu ku America linalangiza kuti achinyamata amene ali kale pamavuto asaonere sewerolo. Ku Australia, bungwe la headspace, lothandiza achinyamata ovutika maganizo, linachenjeza makolo ndi aphunzitsi. Ku New Zealand, ofesi younika mafilimu inachita kupanga mlingo watsopano, RP18, kutanthauza kuti wosakwana zaka 18 aonere pokhapokha ali ndi kholo kapena womulera. Koma pamene machenjezowa ankatuluka, ana ambiri anali atamaliza kale kuonera.

Kenako kunabwera ziwerengero. Mu July 2017, John Ayers ndi anzake anasindikiza zimene anapeza ataunika zomwe anthu ankafufuza pa Google m'masiku 19 oyambirira sewerolo litatuluka. Mafunso okhudza kudzipha anakwera ndi 19 peresenti kuposa mmene amayembekezera, kutanthauza mafunso owonjezera pakati pa 900,000 ndi 1.5 miliyoni. Ena ankafufuza nambala za foni za kothandizidwa, zomwe n'zolimbikitsa. Koma funso lofuna kudziwa mmene munthu angadziphere nalo linakwera ndi 26 peresenti. Mu 2019, gulu lotsogozedwa ndi Jeffrey Bridge linapeza kuti mu April 2017 chiwerengero cha ana a zaka 10 mpaka 17 odzipha ku America chinakwera ndi 28.9 peresenti, ndipo anawerengera kuti pofika December chaka chimenecho panali imfa 195 zopitirira zimene zikanayembekezeka. Chaka chomwecho, Thomas Niederkrotenthaler wa ku Vienna ndi anzake, pogwiritsa ntchito njira ina yowerengera, anapeza imfa zowonjezera 94 pakati pa a zaka 10 mpaka 19 m'miyezi itatu yoyamba.

Si onse anagwirizana nazo. Daniel Romer wa ku University of Pennsylvania anabwereza kuwerengera mu 2020, ndipo anati imfa za achinyamata zinali zikukwera kale chaka ndi chaka, komanso kuti pakati pa anyamata kukwerako kunayamba mu March, sewero lisanatuluke. Panalinso chodabwitsa china m'kafukufuku wa Bridge: amene anachuluka kufa anali anyamata, pamene wa m'sewero ndi mtsikana. Kafukufuku wa mtundu umenewu amawerenga imfa za dziko lonse. Sangalowe m'chipinda cha mwana aliyense kukaona chimene ankaonera. Zimenezi n'zoona, ndipo woona mtima ayenera kuzivomera. Komabe ine sindikhulupirira kuti mkanganowu ukupereka ufulu kwa okonza masewero. Sewero la Hannah silinali loyamba. Chenjezo linalipo kale, lolembedwa, zaka makumi angapo Netflix isanabadwe.

Mu 1774, mlembi wa ku Germany, Johann Wolfgang von Goethe, anatulutsa buku lonena za Werther, mnyamata amene akudzipha chifukwa chokonda mkazi wa mwini. Bukulo linatchuka mu Ulaya monse. Anyamata anayamba kuvala ngati Werther, jekete yabuluu ndi malaya achikasu, ndipo kunamveka mbiri yoti ena akumutsanzira mpaka pa imfa. Akuluakulu a mzinda wa Leipzig analiletsa. Patatha zaka 200, mu 1974, katswiri wa za chikhalidwe cha anthu David Phillips anaonetsa kuti nyuzipepala zikalemba patsamba loyamba nkhani ya munthu wodzipha, imfa zotere zimakwera m'masabata otsatira. Marilyn Monroe atamwalira mu August 1962, zinakwera ndi pafupifupi 12 peresenti ku America mwezi umenewo. Phillips anatcha zimenezi dzina la Werther, ndipo dzinalo lidakalipo.

Koma umboni umene umandigwira mtima kwambiri ndi wa sewero la pa TV la ku West Germany, Tod eines Schülers, kutanthauza imfa ya mwana wasukulu. Wailesi ya kanema ya ZDF inaliulutsa mu 1981 m'zigawo 6. Cholinga chinali chabwino kwambiri: kuonetsa makolo, aphunzitsi ndi anzake a mnyamata wa zaka 19, Claus Wagner, aliyense akufotokoza mmene anamuonera, kuti anthu aphunzire kuzindikira mwana amene akumira. Koma chigawo chilichonse chinkayamba ndi chithunzi cha imfa yake. Armin Schmidtke ndi Heinz Häfner ataunika mabuku a imfa, anapeza kuti m'masiku 70 a nthawi ya sewerolo ndi pambuyo pake, anyamata a zaka 15 mpaka 19 odzipha m'njira yomwe ija ya Claus anachuluka ndi 175 peresenti. Kukwerako kunali kwakukulu mwa amene amafanana naye msinkhu, ndipo kunkachepa mwa anthu akuluakulu. Sewerolo linabwerezedwa mu 1982, ndipo imfa zinakweranso. Kuulutsa kawiri, kukwera kawiri. Apa n'kovuta kunena kuti zinangochitika mwangozi.

Ku Britain nako, mu November 1996, sewero la m'chipatala la BBC lotchedwa Casualty linaonetsa woyendetsa ndege za nkhondo atadzivulaza dala. Keith Hawton wa ku Oxford ndi anzake anali akuwerenga odwala m'zipatala 49, ndipo anapeza kuti obwera ndi vuto la mtundu womwewo anakwera ndi 17 peresenti sabata yoyamba, ndi 9 peresenti sabata yachiwiri. Ena mwa odwalawo ananena okha kuti sewerolo linawakhudza posankha chochita.

Nanga zimatheka bwanji? Pajatu anthu mamiliyoni amaonera, n'kupita kukagona, mawa n'kudzuka kupita kuntchito. Zoonadi, sewero silitenga munthu wamtendere n'kumusandutsa wofuna kufa. Amene ali pangozi ndi uja wafika kale pamphepete: mtsikana amene wakhala miyezi osagona bwino, mnyamata amene akudziona ngati katundu wolemetsa abale ake. Munthu wotere maganizo ake amakhala apanikizika, njira zonse amaziona ngati zatsekeka. Koma nthawi ya ngozi yeniyeni kawirikawiri imakhala yaifupi, mwina maola, mwina mphindi. Ikadutsa ali moyo, ambiri amapitiriza kukhala ndi moyo. Kafukufuku wa zaka zambiri akusonyeza kuti mwa anthu 10 amene anayesapo kudzipha n'kupulumuka, pafupifupi 9 samadzafa imfa imeneyo. Ndiye taganizani chimene sewero limachita likaonetsa njira mwatsatanetsatane: limachotsa kukayika kumene kukanamuchedwetsa munthuyo mpaka mtambo utadutsa. Okonza 13 Reasons Why anati anaonetsa ululu kuti anthu aope. Koma wovutika maganizo saonera ngati mmene wina aliyense amaonera. Ululu wa mphindi zitatu iye amauyerekeza ndi umene wausenza chaka chathunthu.

Komabe kwa ine, mphindi zitatu zija si vuto lalikulu la sewerolo. Vuto lalikulu ndi matepi.

Ali moyo, Hannah sankamvedwa. Atafa, sukulu yonse ikumumvetsera. Amene anamunyoza akunjenjemera, sakugona, akukangana m'makonde. Mnyamata amene ankamukonda mwakachetechete, Clay Jensen, akulira ndi kumenyera nkhondo dzina lake. Mlangizi uja akuchita manyazi. Wogwirira uja akuululika. Ndipo chifukwa sewerolo limabwerera m'mbuyo nthawi ndi nthawi, Hannah timamuona m'chigawo chilichonse, akuyenda, akumwetulira, akufotokoza, ngati akuonera nafe limodzi mmene adani ake akuvutikira. Phunziro limene mwana wosweka mtima angatolepo ndi loti imfa imagwira ntchito: imakupatsa mawu, imabwezera, imachititsa anthu kukukonda mochedwa.

Limeneli ndi bodza, ndipo aliyense amene anakhalapo pamaliro otere akulidziwa. Wakufa samva zimene zikunenedwa pasiwa. Saona amene akulira ndi amene sakulira. Amene amatsala ndi mayi amene moyo wake wonse azidzifunsa kuti ndinalakwa pati, mng'ono amene sakufunanso kugona m'chipinda chija, mnzake amene sanayankhe foni usiku umenewo chifukwa inali pa chaji. Ndipo amene anamulakwiradi, nthawi zambiri amabwera kudzakhuza, n'kudya nsima, n'kupita.

Bodza lachiwiri ndi la zifukwa zowerengeka. Sewerolo limaika imfa ya Hannah m'manja mwa anthu ena, wina ndi wina, ngati ngongole zolembedwa m'kope la pagolosale. Za matenda a maganizo silinenapo zambiri. Koma odziwa za nkhaniyi amati kudzipha sikukhala ndi chifukwa chimodzi chooneka. Pamakhala zinthu zambiri zolukanalukana: kuvutika maganizo kumene kumachizika, mowa kapena mankhwala ozunguza bongo, nkhanza zakale, umphawi, kusungulumwa. Ana ambiri amanyozedwa kusukulu, ena amachitidwa zoipa kuposa za Hannah, ndipo amapulumuka. Sewero likamaonetsa ngati nkhanza zimathera ku imfa basi, likuuza mtsikana wogwiriridwa amene akuonera kuti njira yake ndi yomweyo. Likaonetsanso kuti wamkulu yekhayo amene anapemphedwa thandizo analephera, likumuuza kuti asavutike n'kugogoda pakhomo la wina aliyense.

Sindikunena kuti sewerolo linalibe phindu. Makolo ambiri anayamba kukamba ndi ana awo nkhani zimene ankaziopa. Kafukufuku wa ku Northwestern University, amene Netflix yomweyo inalipira, anapeza achinyamata ambiri akunena kuti linawathandiza kumvetsa anzawo, ndipo ena anakapepesa kwa amene anawalakwira. Ndikukhulupirira kuti zimenezo zinachitikadi. Kungoti phindu limeneli likanapezeka popanda kuonetsa njira, ndiponso popanda kumuveka wakufa ufumu. Amene amati tisankhe pakati pa kukhala chete ndi kuonetsa zonse akutinamiza, chifukwa njira yachitatu ilipo, ndipo ili ndi dzina.

Dzinalo ndi Papageno, wosaka mbalame wa m'sewero loimba la Mozart la mu 1791, The Magic Flute. Papageno akuganiza kuti wataya mkazi amene amamukonda, ndipo akukonzeka kudzipha. Anyamata atatu akufika n'kumukumbutsa mabelu amene ali nawo, oti akawaliza wokondedwa wakeyo abwera. Iye akuwaliza, ndipo akukhala ndi moyo. Mu 2010, Niederkrotenthaler yemwe uja anaunika nkhani za m'nyuzipepala za ku Austria, n'kupeza kuti nkhani zonena za anthu amene anafika poganiza zodzipha koma anapeza njira yopulumukira zinkatsatiridwa ndi kutsika kwa imfa. Nkhani imapatsirana, yoipa ndi yabwino yomwe.

Mu April 2017, mwezi womwe ana ankamvetsera matepi a Hannah, woimba wa ku America wotchedwa Logic anatulutsa nyimbo imene dzina lake linali nambala ya foni ya bungwe lothandiza ofuna kudzipha. Nyimboyo imayamba ndi munthu wotopa ndi moyo, n'kuthera pamene munthuyo wasankha kukhala. Kafukufuku wosindikizidwa mu 2021 anapeza kuti m'masiku 34 amene nyimboyo inali pakamwa pa anthu kwambiri, kunabwera mafoni owonjezera 9,915, ndipo imfa zinachepa ndi 245 poyerekeza ndi zoyembekezeka. Dziko limodzi, chaka chimodzi, achinyamata omwewo.

Ngakhale sewero limene munthu akufadi likhoza kukonzedwa mosamala. Mu May 2018, Coronation Street, sewero la ku Britain limene lakhala pa TV kuyambira 1960, linaonetsa imfa ya Aidan Connor, mwamuna wooneka bwino, wabizinesi, amene palibe ankamuganizira. Alembi ake anagwira ntchito ndi mabungwe a Samaritans ndi CALM. Njira sanaionetse. Kamera inakhala pankhope ya bambo ake, pa achibale, pa anthu a mumsewumo. Ndipo m'nkhani yomweyo mwamuna wina, David Platt, amene anali atabisa kwa miyezi kuti anagwiriridwa, atamva za imfayo anatsegula pakamwa n'kuuza bwenzi lake. Woonera amene ali pamavuto anapatsidwa munthu wina woti adzifanizire naye, wamoyo. Mu 2019 bungwe la WHO linatulutsa malangizo a okonza mafilimu ndi masewero, ndipo mfundo zake n'zomwezi: musaonetse njira, onetsani anthu akupeza thandizo, funsani akatswiri ndi amene anadutsamo kuyambira polemba, ikani chenjezo ndi kumene munthu angapite.

Wina anganene kuti izi n'za azungu. Koma ife Amalawi ndife oyamba kudziwa mphamvu ya sewero. M'zaka zimene Edzi inkatha anthu m'midzi, tinadalira Tikuferanji ndi Zimachitika kuti anthu akambe zimene zinali zosakambika, kuti bambo alimbe mtima akayezetse magazi. Ngati timavomera kuti sewero likhoza kumutengera munthu kuchipatala, sitingatembenuke n'kunena kuti likaonetsa imfa ndi zongosangalatsa chabe. Ndipo masewero akunja afika kale m'nyumba zathu. Amabwera pa dishi, pafoni, pa memory card imene mwana wakaikitsa mafilimu kumsika. M'nyumba zoonetsera mafilimu za m'mataunishipi, ana a pulayimale amakhala pabenchi limodzi ndi akuluakulu, ndipo palibe amene amafunsa zaka. Mlingo ngati RP18 uja sufika kumeneko. M'mafilimu ambiri amene timakonda, mkazi wosiyidwa kapena bambo wogwa pabizinesi akathedwa nzeru, wolemba amamupha ndi dzanja lake lomwe kuti nkhani ifike pachimake, kenako onse olakwa amagwada n'kulira. Ndi matepi a Hannah omwe aja, atangovala zovala zina.

Izi zikuchitika pamene WHO ikuti anthu oposa 700,000 amadzipha chaka chilichonse padziko lonse, ndipo m'chiwerengero cha 2019 chigawo cha Africa ndicho chinali patsogolo, ndi anthu 11.2 pa 100,000 alionse pamene padziko lonse anali 9.0. Kuno kwathu malipoti a apolisi amasonyeza kuti ambiri ndi amuna, ndipo kawirikawiri amatchula ngongole ndi mavuto a m'banja. Tinakula tikuuzidwa kuti mwamuna salira. Nkhanizi zikafika pa Facebook zimabwera ndi zonse: njira, malo, chithunzi, kalata yotsanzika. Atolankhani a ku Vienna atagwirizana mu 1987 kusiya kulemba motero za imfa za mtundu wina zimene zinkachuluka mumzindawo, imfazo ndi kuyesa komwe zinatsika ndi 80 peresenti ndi kupitirira m'miyezi yochepa. Sizinafune ndalama. Zinangofuna kuti akonzi agwirizane.

Achinyamata athu amene akujambula masewero n'kumaika pa YouTube ali ndi luso, ndipo nkhani imeneyi adzailemba ndithu, chifukwa ili m'makomo mwathu. Ndikulakalaka kudzaona sewero la bambo wa ngongole ya katapila amene wafika pothedwa nzeru, mlamu wake n'kumufunsa mosapita m'mbali kuti, "Alamu, kodi mukuganiza zodzipha?" Funso limeneli anthu amaliopa, poganiza kuti limaika maganizo oipa m'mutu mwa munthu, koma kafukufuku akusonyeza kuti silitero, ndipo nthawi zambiri limamupepukitsa. Ndikufuna kudzaona awiriwo akukwera minibasi m'mawa kupita kuchipatala cha boma kukaonana ndi a zamaganizo, kapena ku Saint John of God ku Mzuzu ndi ku Lilongwe, kapena ku Zomba Mental Hospital, malo amene alipodi ndipo amalandira anthu. Ngongoleyo isathe mwamatsenga. Ingokhalapo, bamboyo akuibweza pang'onopang'ono, ali moyo. Ngati inu amene mukuwerenga muli pamalo a bambo ameneyu, musadikire sewerolo. Uzani munthu mmodzi lero, ndipo pitani naye.

Mu July 2019, patatha zaka ziwiri ndi miyezi itatu, sizoni yachitatu ya 13 Reasons Why ili pafupi kutuluka, Netflix inalengeza kuti yachotsa mphindi zija, potsatira malangizo a madokotala, kuphatikizapo Christine Moutier wa bungwe la American Foundation for Suicide Prevention. Amene angaonere lero aona Hannah akudziyang'ana pagalasi, kenako makolo ake akumupeza. Sewerolo linapitirira mpaka 2020. Matepi aja sanawakhudze, onse alimo.